Kusankha Kukula kwa Chipolopolo cha Mfuti ya M'manja Yodzitetezera

Munthu amene walowa koyamba m'sitolo yogulitsa mfuti mumzinda ngati Johannesburg kapena Pretoria, asanamuonetse n'komwe mfuti iliyonse, amafunsidwa funso limene ambiri sakhala atalikonzekera: "Mukufuna caliber yanji?" Mawu akuti caliber amatanthauza kukula kwa chipolopolo m'mimba mwake, komwenso kuli kukula kwa bowo la mpope umene chipolopolocho chimadutsamo, ngakhale kuti pa malonda mawuwa amatchulanso mtundu wonse wa chipolopolo, pamodzi ndi kachitini kake ka mkuwa ndiponso onga wa mkati mwake. Yankho la funsoli ndi limene lidzalamule kukula ndi kulemera kwa mfuti imene mudzanyamule, mphamvu imene idzakukankhireni nayo m'dzanja powombera, chiwerengero cha zipolopolo zimene zidzalowemo, komanso ndalama zimene muzidzawononga chaka ndi chaka pophunzira kulasa pamene mwaloza.

Nkhani ya chilolezo iyenera kutsogola, pakuti popanda icho palibe chosankha. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri akukhala, lamulo lake ndi Firearms Control Act la 2000, limene lidayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2004. Ndime 13 ya lamuloli imalola munthu kukhala ndi mfuti imodzi yokha yodzitetezera, ndipo laisensi yake imatha pakapita zaka 5. Asanapemphe laisensiyo, munthu ayenera kuphunzira kusukulu yovomerezeka ndi kulandira kupolisi chikalata chotchedwa competency certificate, chimene chimaperekedwa kwa amene wakwanitsa zaka 21 ndipo ndi nzika ya dzikolo kapena ali ndi chilolezo chokhalamo mpaka kalekale. Choncho amene ali ndi pepala la ntchito lokha, kapena adalowa ngati mlendo, njira imeneyi ndi yotsekeka kwa iye, ndipo mfuti yogula kuseri kwa wina wa pamsewu imangomutengera kundende. Ku Malawi nakonso laisensi imachokera kupolisi. Ku Britain mfuti za m'manja zidaletsedwa pafupifupi kotheratu mu 1997, pambuyo pa kuphedwa kwa ana asukulu ku Dunblane mu 1996, pamene ku United States malamulo amasiyana boma ndi boma.

Mfundo ya mfuti imodzi ija ndi imene imachititsa kuti kusankha kukhale kolemera. Pa fomu yopemphera laisensi pamalembedwa dzina la mfutiyo, caliber yake ndi nambala yake yeniyeni, ndipo yankho limatenga miyezi. Amene wagula mothamanga n'kuzindikira pambuyo pake kuti mfutiyo ikumupweteka dzanja sangangobwerera kusitolo kukasinthitsa ngati nsapato yothina, koma ayenera kuigulitsa motsatira lamulo ndi kuyambanso mzere wonse.

Manambala a pabokosi

Maina a zipolopolo amasokoneza chifukwa adachokera ku miyezo iwiri ndiponso ku nthawi zosiyana. A ku Ulaya amayeza m'mamilimita, ndipo nthawi zambiri amalemba manambala awiri: 9x19 ikutanthauza chipolopolo cha mamilimita 9 m'mimba mwake chokhala m'kachitini kotalika mamilimita 19. A ku America amayeza m'magawo a inchi, n'chifukwa chake maina awo amayamba ndi kadontho, monga .38, .40 ndi .45. Koma manambalawa sanena zoona nthawi zonse. Chipolopolo cha .38 Special, mukachiyeza, chimakwana mainchi 0.357, amene ndi mamilimita 9 ndi pang'ono, ndipo n'chimodzimodzi m'mimba mwake ndi cha .357 Magnum. Cha .380 ACP nachonso ndi cha mamilimita 9. Tingati zipolopolo zinayi zotchuka, 9x19, .380 ACP, .38 Special ndi .357 Magnum, zimaboola bowo lofanana kukula kwake, ndipo kusiyana kwake kuli pa kulemera kwa chipolopolo ndi liwiro limene ongawo amachiponyera. Kulemerako kumalembedwa pabokosi mu muyezo wotchedwa grain, ndipo ma grain pafupifupi 15 ndi theka amapanga gramu imodzi.

Kufanana kwa mainaku kuli ndi ngozi yake. Ku South Africa .380 ACP imadziwika ndi dzina loti 9mm Short, pamene 9x19 imatchedwa 9mm Parabellum, 9mm Luger kapena mwachidule 9mm Para. Palinso 9x18 Makarov ya ku Russia, imene chipolopolo chake n'chonenepako pang'ono kuposa zinzake. Zonsezi anthu amangoti "naini", koma sizilowana, ndipo chipolopolo cholakwika nthawi zina chimatha kulowa m'mfuti n'kulira, kachitini n'kung'ambika kapena kukanirira mkati. Njira yake ndi imodzi basi: werengani zimene zadindidwa pa mpope wa mfutiyo, werengani zimene zadindidwa kumbuyo kwa kachitini, ndipo ngati sizikugwirizana musaikemo. Pa mitundu tatchulayi, kusinthana kokhako kumene kuli kololeka ndi kwa revolver (mfuti ya m'manja yosunga zipolopolo m'kamgolo kozungulira) ya .357 Magnum, imene imawomberanso .38 Special popanda vuto. Koma kuika .357 Magnum m'mfuti ya .38 Special sikutheka, chifukwa kachitini ka Magnum adakatalikitsa dala ndi mamilimita pafupifupi 3 kuti kasalowe m'mfuti yofooka.

Zimene chipolopolo cha mfuti ya m'manja chingathe

M'makanema munthu akawomberedwa ndi pistol amauluka chagada n'kukagwera pagalasi. Zimenezi sizichitika, pakuti chipolopolo chikadakhala ndi mphamvu yogwetsa munthu choncho, wowomberayo nayenso akadagwa. Mfuti zonse za m'manja ndi zofooka poziyerekeza ndi mfuti zazitali. Chipolopolo cha 9x19 chimatuluka ndi mphamvu ya ma joule (muyezo wa mphamvu) pafupifupi 500, cha .45 ACP chimodzimodzinso, pamene cha AK-47 chimafika pa ma joule pafupifupi 2,000. Chipolopolo cha mfuti ya m'manja chimaononga malo okhawo amene chadutsa, ndipo chigawenga chimasiya kuukira mwina chifukwa chachita mantha n'kuthawa, mwina chifukwa chipolopolocho chafika pa chiwalo chimene thupi silingapitirire popanda icho. Pa cholinga chodziteteza, chimene lamulo limalola ndi kuletsa chiwembu chimene chikuopseza moyo panthawi yomweyo, ndipo chiwembucho chikatha, ufulu wowombera nawonso watha.

Zambiri zimene akatswiri amanena lero pa nkhaniyi zidayambira pa tsiku limodzi. Pa 11 April 1986, m'dera la Miami ku United States, apolisi asanu ndi atatu a bungwe lofufuza milandu la FBI adawomberana ndi amuna awiri amene ankaba m'mabanki. Apolisi awiri adafa, asanu adavulala, ndipo akuba onse awiri adaphedwa. Chimene chidadzidzimutsa bungweli n'chakuti mmodzi wa akubawo adalasidwa koyambirira kwenikweni ndi chipolopolo cha 9mm cholemera ma grain 115, chimene chidadutsa pamkono n'kulowa m'chifuwa, koma chidaima chitangotsala pang'ono kufika pamtima. Balalo linali lakupha, komabe munthuyo adapitiriza kuwombera kwa mphindi zingapo, ndipo m'mphindi zimenezo ndi mmene adaphera apolisi awiri aja. Chipolopolocho chidachita zimene adachipangira, ndiko kufutukuka msanga, koma chifukwa cha kufutukukako chidatha mphamvu chisadalowe mokwanira.

Kuchokera pamenepo FBI idakhazikitsa mayeso amene opanga zipolopolo amawatsatira mpaka lero. Chipolopolo chimawomberedwa mu gelatin wokonzedwa kuti afanane ndi mnofu, nthawi zina chitayamba chadutsa m'zovala zokhuthala, m'thabwa, m'chitsulo kapena pagalasi la galimoto, ndipo chimayenera kulowa pakati pa mainchi 12 ndi 18, amene ndi masentimita pafupifupi 30 mpaka 46. Bungweli lidasiya 9mm n'kutenga 10mm Auto, koma apolisi ambiri idawavuta chifukwa cha kukankha kwake, ndipo adachepetsako onga. Kampani za Smith & Wesson ndi Winchester zidaona kuti onga wochepayo angakwane m'kachitini kakafupi, ndipo mu 1990 padabadwa .40 S&W, imene apolisi a ku America adaikonda kwa zaka zoposa makumi awiri. Kenaka mu 2014 nthambi yophunzitsa ya FBI idalangiza zobwerera ku 9mm. Zifukwa zake zidali zakuti zipolopolo zamakono za 9mm tsopano zinkakhoza mayeso aja, kuti apolisi ankawombera mofulumira ndi molondola ndi 9mm kusiyana ndi .40, ndiponso kuti pa kuwomberana kwenikweni zipolopolo zambiri zimaphonya, kotero kuti mfuti yolowa zambiri ndi yosavuta kuilamulira ndiyo yothandiza. Mu 2016 bungweli lidagula mfuti za Glock za 9mm.

Pa mbiri imeneyi ine ndimatengapo ndondomeko ya zofunika, ndipo ndikulangizani kuti muziyeza caliber iliyonse motsatira ndondomekoyi. Choyamba mfuti ilire nthawi zonse pamene mwakoka trigger, kachitsulo kaja kokoka ndi chala powombera, chachiwiri inuyo muthe kulasa pamene mwaloza kangapo motsatizana, chachitatu chipolopolo chilowe mokwanira, ndipo kukula kwa bowo kubwere pomalizira. Pakati pa 9mm ndi .45 pali kusiyana kosakwana mamilimita 3, ndipo mamilimita amenewo sangapulumutse munthu amene waphonya.

Mitundu imene mudzaipeza m'sitolo

Chipolopolo cha 9x19 adachipanga Georg Luger ku Germany kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo lero ndicho cha mfuti za m'manja za asilikali a NATO ndi apolisi a maiko ambiri. Asilikali a ku America adachitenga mu 1985 pamodzi ndi Beretta M9, ndipo apolisi a ku South Africa akhala akunyamula kwa zaka zambiri Z88, mfuti yopangidwa m'dziko momwemo potengera Beretta 92. Chimabwera cholemera ma grain 115, 124 kapena 147, ndipo chopepukacho chimathamanga mamita pafupifupi 350 pa sekondi. Ubwino wake waukulu uli pa zinthu zosakopa maso. Chimapezeka m'sitolo iliyonse ya mfuti, n'chotsika mtengo kuposa zinzake za mphamvu yofanana nacho, chimakankha mwapakatikati, ndipo mfuti zake zilipo za misinkhu yonse. Glock 17 imalowa zipolopolo 17 m'magazini (kabokosi kosungiramo zipolopolo kolowa m'chogwirira), Glock 19 imalowa 15, ndipo palinso zing'onozing'ono zolowa 6 zimene zimabisika pansi pa malaya. Kwa munthu wamkulu wa manja athanzi amene akugula mfuti yake yoyamba, ndipo lamulo likumulola imodzi yokha, ine ndingayambire pa 9x19 m'mfuti ya msinkhu wapakati, ndipo ndingachokepo pokhapokha patapezeka chifukwa chooneka. Chenjezo limodzi ndi lakuti 9mm m'kamfuti kopepuka kwambiri imaluma dzanja kuposa mmene ambiri amaganizira, pakuti kulemera kwa mfuti ndiko kumamwa mbali ya kukankhako.

Za .40 S&W ndanena kale kumene idachokera. Imagwira ntchito bwino, koma imakankha mothyola dzanja m'mwamba, imathetsa mfuti msanga, ndipo mfuti ya msinkhu umodzimodzi imalowa zipolopolo ziwiri zochepa: Glock 23 imalowa 13 pamene mnzake Glock 19 imalowa 15. Amene ali nayo kale ndipo amaiwombera bwino alibe chifukwa choitayira, koma wogula watsopano sapindula kwenikweni.

Cha .45 ACP chili ndi anthu ake amene amachikonda ngati mpingo. Adachipanga John Browning, ndipo asilikali a ku America adachitenga mu 1911 pamodzi ndi mfuti yotchedwa M1911, imene idatumikira pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu. Chipolopolo chake chimalemera ma grain 230, pafupifupi magramu 15, ndipo chimayenda pang'onopang'ono, mamita pafupifupi 255 pa sekondi. Kukankha kwake n'kolemera koma kosathyola, kotero ena amakupeza kosavuta kusiyana ndi kwa .40. Zovuta zake zilipo ziwiri. M1911 yachikale imalowa zipolopolo 7 zokha m'magazini, ndipo mfuti zolowa zambiri, monga Glock 21 ya zipolopolo 13, zili ndi chogwirira chonenepa chimene munthu wa zala zazifupi sachikwanitsa kuchifumbata. Bokosi la zipolopolo zake nalonso limadula, ndipo chodula munthu amachiwombera mowerengera.

Cha .380 ACP, chija amati 9mm Short, n'cha Browning yemweyo, cha mu 1908. Chimalemera ma grain 90 kapena 95 ndipo mphamvu yake ndi yopitirira pang'ono theka la ya 9x19. Apa ndi pamene mayeso a masentimita 30 aja amayamba kuvuta, chifukwa chipolopolo chikafutukuka kwambiri sichilowa mokwanira, ndipo chikalowa mokwanira nthawi zambiri chimakhala chosafutukuka. Komabe chili ndi malo ake. Munthu wachikulire, kapena wa nyamakazi m'manja, amene akulephera kukoka slide ya 9mm, chitsulo cha pamwamba pa mfuti chimene chimakokedwa m'mbuyo kuti chipolopolo chilowe m'mpope, angathandizidwe ndi mfuti ya .380 ya msinkhu wapakati yopangidwa kuti ikhale yofewa kukoka. Angopewa kuganiza kuti kamfuti kakang'ono ndiye kosavuta. Timfuti ta .380 tolowa m'thumba la malaya tili ndi zogwirira zazifupi ndi zolozera zosaoneka bwino, ndipo timafuna luso lochuluka kuposa mfuti zazikulu.

Revolver ndi nkhani ina. Cha .38 Special chidatuluka mu 1898 ndipo apolisi adachinyamula kwa zaka zambirimbiri, pamene .357 Magnum idabwera mu 1935. Revolver ilibe slide yokoka ndiponso ilibe magazini, ndipo chipolopolo chikakana kulira mumangokokanso trigger kuti chotsatira chifike pamalo. Kwa munthu amene mfuti yake idzakhala kwambiri m'kabati yachitsulo kunyumba, revolver yachitsulo ya mpope wa mainchi 4 yowombera .38 Special ndi chinthu chodekha ndi chodalirika, ngakhale imalowa zipolopolo 6 zokha, yaing'ono 5, ndipo kuikamo zina kumatenga nthawi. Trigger yake ndi yaitali ndi yolimba, choncho wa zala zofooka ayese kaye asadagule. Magnum ili ndi mphamvu zoposa zonse zimene tatchulazi, koma mphamvuyo imafuna mpope wautali kuti onga apse yense. M'mpope wa mainchi 2, gawo lalikulu limangosanduka moto ndi phokoso, ndipo m'chipinda usiku motowo umaphimba maso a wowombera yemwe. Nzeru yabwino pa revolver ndi kugula ya .357 chifukwa cha kulimba kwake, n'kumaikamo .38 Special.

Pansi pa zonsezi pali .32 ACP, imene imadziwikanso kuti 7.65, kenaka .25 ACP kapena 6.35, ndi .22 LR. Zonsezi zimapha, ndipo aliyense wozitcha zoseweretsa asamayandikire mfuti. Vuto lake n'lakuti sizidalirika pa kuletsa chiwembu msanga. Cha .22 LR chili ndi vuto linanso, loti mankhwala oyatsira onga ali m'mphepete mwa kachitini m'malo mwa pakati, ndipo zipolopolo za mtundu umenewu zimakana kulira kawirikawiri kuposa zinzake. Ndi chabwino kwambiri pophunzirira chifukwa n'chotsika mtengo ndipo sichikankha. Pa kudziteteza, chikhale cha munthu amene zina zonse zamukanika.

Yesani ndi dzanja lanu

Malo ambiri ophunzirira kuwombera amabwereketsa mfuti pansi pa uyang'aniro wa mlangizi, ndipo ndalama ya tsiku limodzi kumeneko ndi yochepa poiyerekeza ndi ya mfuti yolakwika. Pemphani mfuti zitatu kapena zinayi za caliber zosiyana koma za msinkhu wofanana ndi umene mukufuna kugula, chifukwa kuyesa .45 m'mfuti yolemera ndi 9mm m'kamfuti kopepuka sikungakuuzeni zoona. Valani zotseka m'makutu ndi magalasi. Ikani pepala la A4 pa mtunda wa mamita 5 kapena 7, muwombere zipolopolo zisanu modekha, kenaka zisanu zina mofulumira monga mmene mungathere popanda kutuluka papepalapo. Bwerezani ndi dzanja limodzi, pakuti tsiku la tsoka dzanja linalo likhoza kukhala litagwira mwana, chitseko kapena foni. Yesaninso kukoka slide, kudzaza magazini ndi zala zanu, ndi kuchotsa chipolopolo chokanirira. Sungani mapepalawo, mulembepo caliber yake, ndipo muwayerekeze mutafika kunyumba mtima utakhala pansi. Caliber yoyenera inu ndi yamphamvu koposa pakati pa zimene mabowo ake onse ali papepala pa kuwombera kofulumira kuja.

Tsiku lina ndili kumalo otere ndidaona bambo wina wamtali, wa mapewa aakulu, atabwera ndi karevolver kopepuka ka .357 Magnum kamene adali atangokalandirira laisensi. Kadali kokongola ndithu, koma chikomekome cha mkuyu. Atawombera zitatu adakaika patebulo n'kuyamba kutikita pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, pamene padali patafiira. Papepala padali bowo limodzi, pansi kumanzere. Mlangizi adatenga mfutiyo, natembenuka, naikamo zipolopolo zenizeni zosakaniza ndi zabodza zophunzitsira, zopanda onga, bamboyo osaona. Trigger itagwera pa chabodza, mfuti sidalire, koma tonse tidaona mpope ukugwadira pansi ndipo maso a bamboyo adatsinzina. Thupi lake lidali litaphunzira kale kuopa kukankha kuja n'kumakuchingamira chipolopolo chisadatuluke. Adamuikira .38 Special, ndipo patapita kanthawi mabowo adayamba kusonkhana pakati. Sindikunena izi momuseka, chifukwa mayeso omwewo atandichitira ine ndi .40, mpope wanga nawonso udagwada.

Mukasankha caliber, ntchito sinathe, chifukwa m'caliber imodzi muli zipolopolo za mitundu iwiri ikuluikulu. Za FMJ zili ndi mutu wobulungira wokutidwa ndi mkuwa, sizifutukuka, n'zotsika mtengo, ndipo ndizo zophunzirira. Za hollow point zili ndi dzenje kumutu, ndipo zikalowa mumnofu zimatambasuka ngati bowa n'kuima. Pa nkhondo zipolopolo zofutukuka zidaletsedwa ndi pangano la ku Hague la mu 1899, koma apolisi a maiko ambiri amazigwiritsa ntchito, ndipo chifukwa chachikulu n'chakuti FMJ ya 9mm imatha kupyoza munthu n'kukalasa wina amene ali kumbuyo kwake. Lingalirani za kumene mukukhala. Khoma la njerwa limaimitsa zipolopolo zambiri za mfuti ya m'manja, koma lata, chitseko cha thabwa, zenera ndi makoma opyapyala a m'maflat siziimitsa ngakhale hollow point, ndipo kuseri kwake kumagona ana anu kapena a mnansi. Malamulo a hollow point amasiyana malo ndi malo, choncho funsani kupolisi ya kwanuko. Mukagula, musangodzaza magazini n'kukhulupirira. Pistol zina zimakana mitu ya mtundu wina, kotero muwombere mabokosi angapo a mtundu weniweniwo m'mfuti yanu ndi m'magazini anu onse, kufikira mutatsimikiza kuti sizikanirira. Zolembedwa +P zili ndi mphamvu yowonjezera ndipo zimakankha kwambiri. Muzigwiritse ntchito pokhapokha buku la mfuti yanu likuloleza.

Werengeraninso thumba lanu moona mtima. Funsani mtengo wa bokosi la zipolopolo 50 za FMJ pa caliber iliyonse imene mukuiganizira, muchulukitse ndi miyezi 12, ndipo mudzifunse ngati mungakwanitse bokosi limodzi mwezi uliwonse osakhudza ndalama ya lendi ndi ya sukulu. Luso lowombera limazilala msanga likapanda kubwerezedwa. Funsaninso m'masitolo awiri kapena atatu a kufupi ndi kwanu ngati caliber imeneyo imapezeka nthawi zonse, chifukwa mfuti zakale zotsika mtengo za Tokarev kapena Makarov zimakopa wogula, koma zipolopolo zake zabwino zodzitetezera sizipezeka paliponse. Ku South Africa mwini laisensi ya ndime 13 saloledwa kusunga zipolopolo zoposa 200 za mfuti yakeyo nthawi imodzi, ndiponso sangagule za caliber imene ilibe pa laisensi yake, kotero simungaunjike zambiri pamene zapezeka, ndipo caliber yosowa idzakusiyani manja lende nthawi zambiri.

Zipolopolo zimene mwasankha kuti zikhale m'mfuti muziziyang'ana mwezi ndi mwezi. Thukuta, mafuta opaka mfuti ndi chinyezi zimaononga onga pang'onopang'ono, ndipo pa pistol pali vuto lina limene ambiri salidziwa. Chipolopolo chimodzi chomwecho chikamalowetsedwa ndi kutulutsidwa m'mpope tsiku ndi tsiku, mutu wake umakankhikira m'kati mwa kachitini, malo a onga amachepa, ndipo mphamvu ya kuphulika imakwera mopitirira muyezo. Chiimikeni patebulo pambali pa chatsopano, ndipo ngati chafupika ngakhale pang'ono, chichotseni mukachipereke kwa mlangizi kapena kusitolo. Zotsalazo muziziwombera kamodzi pachaka pamalo ophunzirira n'kuikamo zatsopano za mtundu womwewo. Mfutiyo ikakhala kuti simunainyamule pathupi, malo ake ndi m'kabati yachitsulo yovomerezeka, yomangiriridwa kukhoma kapena pansi monga lamulo likunenera, ndipo kiyi wake asakhale pamene mwana angafikepo.